Malamulo a Bungwe la Maliro pa Komboni

M'mafamu a fodya a ku Mashonaland, kuyambira ku Mvurwi ndi Centenary mpaka ku Banket ndi Karoi, bungwe la maliro ndilo boma laling'ono la pa komboni. Mabungwe otere anakula ndi anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ena obwera pa malole a Ulere, ena olembedwa ntchito ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Anthuwa anaona kuti mtchona akamwalira alibe mwinimbumba womuyendetsera maliro, choncho anapangana zoikana m'manda. Asanagule ndi khasu lomwe, anayamba asankha tcheyamani.

Msonkhano umachitika Lamulungu lotsatira tsiku la malipiro. Nthawi yolembedwa m'buku ndi 2 koloko masana, koma 2 koloko imakwana tcheyamani akakhala pa mpando. Wofika pambuyo pake wachedwa ndipo amalipira chindapusa. Tcheyamaniyo sachedwa, zimamuchedwetsa ndi ntchito za bungwe.

Pansi pake pali mlembi, msungichuma ndi wapolisi wa bungwe, amene amasankhidwa poona kukula kwa mawu. Membala wofuna kulankhula amakweza mkono, kuimirira, kuvula chipewa, n'kupempha mwayi kwa a tcheyamani. Akaiwala chimodzi mwa zinayi, mfundo yake imafera pomwepo, ngakhale ikhale yoti denga la holo likupsa. Chilankhulo chovomerezeka ndi Chichewa, ngakhale adzukulu obadwira konko amachisakaniza ndi Chishona. Chilapalapa chimamveka pokhapokha mkangano ukafika pa ndalama, pakuti ndicho chilankhulo chimene anthu anazolowera kukalipiridwa nacho ku munda.

Kufika utaledzera ndi mlandu waukulu. Vuto lake ndi loti malo okhawo okhala ndi mabenchi okwanira amakhala pafupi ndi bala, ndiye akuluakulu anamasulira lamuloli mwanzeru: kuledzera kumawerengedwa pakati pa pemphero lotsegulira ndi lotsekera basi. Ameni womaliza akamveka, gawo la chindapusa limagula Chibuku, ndipo wolangidwa uja amamwako, popeza ndalamayo inali yake.

Lamulo lina limaletsa kuulula zokambidwa mumsonkhano. Komboni yonse imazidziwa dzuwa lisanalowe. Pa nkhani ya chinsinsi bungweli silifika pa dambwe la Gule Wamkulu, lomwe limapezeka m'mafamu omwewo ndipo silisowa mlembi kuti anthu atseke pakamwa.

Chuma chimasungidwa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osakhulupirirana. Njirayi inaletsa akuba kwa zaka zambiri, koma mu 2008 inalephera: maloko onse anali otseka, ndalama zonse zilimo, koma sizikanagula misomali ya bokosi la maliro. Pofika Januwale 2009, boma litatulutsa pepala la madola 100 thililiyoni, asungichuma ena anali atayamba kulandira chimanga ndi nkhuku, chuma chimene chimavuta kuchitsekera ndi loko. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunali kutabalalitsa kale mamembala, moti ena ankalipira chindapusa cha kujomba pa famu imene anathamangitsidwapo.

Mlandu womaliza wa membala umazengedwa iye atamwalira. Amayi ali pa siwa akulira, komiti imakhala pansi pa mtengo, mlembi n'kutsegula buku kuti aone ngati malemuyo anali ndi ngongole. Ikapezeka, pamabuka mtsutso wautali: wina amawerenga ndime yoti wangongole alibe gawo, wina amakumbutsa kuti malemuyo ndi amene anakumba manda a bambo ake a tcheyamani. Woimbidwa mlandu amakhululukidwa chifukwa chosaimirira ndi kusavula chipewa. Kawirikawiri chigamulo chimakhala choti aikidwe mwaulemu wonse, mamembala atavala yunifolomu, ndipo ngongoleyo mlembi amailemba pa dzina la mwana wake wamkulu, amene amalowa bungwe tsiku lomwelo asanafunsidwe.