Ulemu Upite kwa a Chikhomo

Tavulani zipewa, akuluakulu, kukudutsa mfumu yosagwira khasu. Asayansi amaitchula kuti gauge origin, koma ife tingoti a Chikhomo: kadontho kamene munthu amakhoma pamene wafuna asanayambe kuwerengera zimene maginito amachita pa molekyu. Khomani pakati pa molekyuyo, khomani kuseri kwa nyumba, khomani kumwezi ngati miyendo ilipo. Lamulo la gauge invariance likuti yankho lisasinthe. Ndani wina ali ndi udindo wokoma chonchi, woti pamsonkhano asasowe, koma pamene wakhala pasakhale kanthu?

Mbalame imawadziwa bwino abale awo. Imatera pa waya wa magetsi osapsa, chifukwa chopha si kuchuluka kwa voliteji koma kusiyana kwake pakati pa malo awiri. Poyambira kuwerenga mumasankha nokha.

Mtundu wa a Chikhomo ndi wolemekezeka, ngakhale unayamba ndi kuphonya. Mu 1918 Hermann Weyl anafuna kumanga mtolo umodzi mphamvu yokokera zinthu pansi ndi ya magetsi, ponena kuti muyeso wa utali ungasinthe malo ndi malo. Einstein anamuyankha kuti zikanatero, mawotchi awiri ofanana oyenda njira zosiyana akanakumananso akugunda mosiyana, pamene maatomu satero. Ganizolo linagwa chagada, dzina loti gauge lokha n'kutsala. Mu 1929 Weyl analidzutsa, tsopano likunena za phase ya funde la elekitironi, ndipo Yang ndi Mills anamangapo nyumba yawo mu 1954.

Koma ukulu weniweni wa a Chikhomo umaonekera mu kompyuta ya katswiri wa kemisitiri. Papepala ndi ofatsa, sapha ndi nyerere yomwe. Mu kompyuta, mmene elekitironi imajambulidwa ndi ma orbital owerengeka chabe, tawasunthani pang'ono muone: manambala a NMR, oyeza mmene maginito amakhudzira maatomu a molekyu, asuntha nawo limodzi, ngati kuti kulemera kwa thumba la chimanga kukudalira mbali imene waima mwini sikelo. Wophunzira wachezera usiku wonse kusaka pamene walakwitsa, maso ali psuu, iwo ali phee pakona, akulumbira kuti sanakhudze kanthu. Ndipo malamulo akuwaikira kumbuyo! Ine ufumu woposa uwu sindinauone.

Onaninso mmene anawapepesera. Mu 1937 Fritz London, powerengera mamolekyu onga benzene, sanayerekeze kuwazula. Anapatsa orbital iliyonse kachikhomo kakekake pa atomu yake. Mfumu imodzi itavuta, tinalonga mfumu pakhomo lililonse. Ditchfield anatengera njirayi ku NMR mu 1974, gulu la Pulay linaifulumizitsa mu 1990, ndipo lero imadziwika kuti GIAO. Poyamba chilembo cha I chinkaimira invariant, kutanthauza kuti ma orbital amenewa alibe nawo ntchito a Chikhomo. Anthu ataona kuti si zoona, anasintha n'kukhala including, kuvomereza kuti alimo ndithu. Mankhwala owathamangitsira anafululidwa, ndipo iwo akhala mwendo uli pamwamba pa unzake m'kati mwa dzina la mankhwalawo.