Matenda a Zilembo

Pakati pa anthu okonza zikwangwani, makadi a ukwati ndi mapositala pakompyuta m'matauni, pali kagulu kodwala matenda okonda zilembo. Matendawa amagwira munthu akangoyamba kudziwa mafonti ndi maina awo, ndipo mankhwala ake sanapezeke.

Chizindikiro choyamba n'chakuti wodwala amaleka kuwerenga uthenga. Akaona pageti palembedwa kuti "Chenjerani ndi agalu", amaima n'kumadandaula kuti mpata wa pakati pa g ndi a wachuluka. Agaluwo amamupeza ali pomwepo. Pamaliro amalira limodzi ndi anamfedwa, koma chomuliza ndi pulogalamu imene yalembedwa ndi mafonti asanu patsamba limodzi.

Odwalawa ali ndi mipingo yawo. Kuli okonda zilembo za timapazi, otsatira Times New Roman, yomwe inayamba kuoneka mu nyuzipepala ya The Times ku London mu 1932. Kulinso a Helvetica, imene Max Miedinger anaikonza ku Switzerland mu 1957, ndipo inatchuka mpaka kujambulidwira filimu yakeyake mu 2007. A mpingo umenewu sapatsana moni ndi ogwiritsa ntchito Arial ya mu 1982, imene amaitcha yokopera. Munthu wamba sangasiyanitse ziwirizi. Kusiyana kuli pa mwendo wa R ndi pamutu pa t, koma nkhani ya mwendowu imatha kudya nthawi yonse ya nkhomaliro, nsima n'kuzizira.

Pa mdani mmodzi yekha ndi pamene mipingo yonse imamvana: Comic Sans. Vincent Connare anaikonza ku Microsoft mu 1994, ataona kagalu ka katuni kakulankhula mu Times New Roman. Lero imapezeka pa zidziwitso za m'maofesi ndi pa makalata a sukulu za mkaka. Mu 2012 asayansi a ku CERN analengeza za Higgs boson pogwiritsa ntchito fonti yomweyi, ndipo pamene dziko linkakamba za sayansi, odwala athu ankakamba za manyazi.

Matendawa amafika pachimake kasitomala akalowa. Wokonza amasiya malo oyera papepala mwadala, pamene kasitomala amaona ngati waberedwa.

"Achimwene, dzina la abusa likule, muikenso golide ndi nkhunda ziwiri."

"Mayi, malo awa ndasiya kuti maso apume."

"Maso akapumira kunyumba. Ine ndalipira pepala lonse."

Wodwala amausa moyo, amaika nkhundazo, amalandira ndalama, koma dzina lake saliika pansi pa ntchitoyo. Madzulo amatumiza chithunzi chake kwa anzake pa WhatsApp kuti amupepese.

Pali dandaulo limodzi limene, kunena zoona, odwalawa amakhoza. Mafonti ambiri okongola otengedwa ulere pa intaneti alibe chilembo cha ŵ, kotero dzina la Malaŵi limatuluka ndi kabokosi pakati, kapena ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi zinzake. Wodwala weniweni salola zimenezi. Amatenga v, n'kumuchepetsa, n'kumuzondotsa, kenaka n'kumukhazika pamwamba pa w mosamala, akusuntha pang'onopang'ono mpaka maso kufiira. Ntchitoyi imatenga ola lathunthu ndipo salipiritsa. Kawirikawiri kasitomala akabwera kudzaona ntchitoyo, amakanda kadengako ndi chikhadabo, n'kupempha kuti kachitsotsoko kachotsedwe asanasindikize.