Safunsa Wagula Bandulo

Safunsa anadya phula. Ine mwambi umenewu unkandigwera pafupifupi sabata iliyonse ndili mwana, chifukwa ndinali wamanyazi, moti ndinkalolera kusochera mumsika kusiyana ndi kufunsa njira. Ndakhala ndikuukhulupirira mpaka imvi. Koma mwezi wathawu ndaona ndi maso angawa mnyamata wofunsa mafunso kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba, tsiku ndi tsiku, phula n'kulidyabe mpaka kukakamira m'mano.

Mnyamatayo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Area 25. Analemba Fomu 4 chaka chatha, ndipo za kompyuta amadziwa kuyatsa, kuzimitsa ndi kuonera mpira. Anabwera kwanga atapanikiza laputopu yobwereka m'khwapa.

“Amalume, ndikupanga app.”

“Code unaphunzira liti iwe?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa mtengo wa kaseti. “Zimenezo ndi zakale, amalume. Masiku ano umangoiuza AI zimene ukufuna.”

Sananame kwenikweni. Mu February 2025, Andrej Karpathy, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa OpenAI, anaupatsa mchitidwewu dzina lakuti vibe coding. Umafotokoza zofuna zako m'mawu wamba, makina n'kulemba code, iwe osaiwerenga n'komwe. Ikakana kugwira ntchito, umakopera uthenga wa vutolo n'kuwabwezera makina omwewo kuti adzikonzere okha. Chaka chisanathe, a dikishonale ya Collins anasankha dzinali kukhala mawu a chaka cha 2025. Zida zake zilipo zambiri: Replit, Cursor, Bolt, Lovable ya ku Stockholm. Chimene anagwiritsa ntchito mphwangayu sinditchula, banja lathu lidakali nacho kukhosi. Karpathy mwiniwake ananena kuti njirayi ndi yabwino pa tinthu tongoseweretsa kumapeto kwa sabata, koma mbali imeneyo mphwanga sinamufike, mwina bandulo inali itatha.

App yake inali ya banki mkhonde ya amayi ake. Amayi 22, kope limodzi lakuda lothothoka chikuto, ndi bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake kwa anthu atatu osiyana. Iye anati zimenezi ndi zachimidzi.

Ndivomere, usiku woyambawo ndinagwira pakamwa. Analemba ziganizo zinayi m'Chingerezi cha Fomu 4, ndipo tiyi wanga asanazizire, pafoni panali kanthu kobiriwira, kamabatani osalala, kokhala ndi malo olembera dzina, masheya ndi ngongole. Kale chinthu choterechi chinkafuna munthu amene wathera zaka ku koleji, wamagalasi ake. Lero mwana wa mlongo wanga wachipanga atavala masilipasi. Ndinamva nsanje pang'ono, komanso ndinanyada, ndipo kunyadako sindinakusiyebe.

Mavuto anayamba m'mawa. Ndalama zonse zinali m'madola. Anafunsa, makina anapepesa, anaika makwacha. Makwacha atalowa, masiku anasokonekera, ngongole ya mu May ikubwezedwa mu April. Anafunsa, makina anamuuza kuti akunena zoona, anapepesanso. Masiku atalongosoka, app inayamba kufuna kuti mayi aliyense alowe ndi email komanso nambala yachinsinsi yokhala ndi chilembo chachikulu. Kupepesa kwa makinawa sindinakuonepo: kumaposa kwa munthu amene unam'kongoza ndalama mukakumana pamaliro. Sakwiya, satopa, ndipo sindinawamvepo akunena kuti izi zokha zandikanika. Ataauza kuti atembenuzire zonse m'Chichewa, batani la masheya linasanduka “Gawani”. Amene amadziwa banki mkhonde akudziwa kuti mawu amenewo satchulidwa December asanafike, pokhapokha ngati ukufuna ndewu.

Masabata atatu anafunsa. Bandulo ankagula ngati tomato, m'mawa ndi madzulo, ndipo msungichuma wa ntchito imeneyi ndinali ine osasankhidwa. Magetsi akazima ankapitiriza pafoni. Ngati mwambiwu uli woona, mnyamatayu anayenera kukhala atasamba uchi.

Tsiku loonetsa linali Lachisanu masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya wapampando. Ndinapita nawo, ndinakhala pakampando kumbali ngati mkamwini. Amayi anayala mikeka, bokosi pakati. Mphwanga anagwada mwaulemu, n'kuyamba kuwerenga zimene app yawerengera. Masheya anagwirizana ndi za m'kope. Chiwongoladzanja chinagwirizana mpaka kwacha yomaliza, ndipo mlembi anagwedeza mutu moyamikira. Kenako anafika pa dzina la gogo wina, lolembedwa mofiira: chindapusa cha masabata atatu osabwera kumsonkhano.

Panali zii. Gogoyo anayang'ana pansi n'kumakonza chitenje pamaondo. Masabata atatu amenewo anali kuchipatala kudwazika amuna awo, ndipo sanabwere nawo amoyo. Gululi silidula chindapusa wodwazika kapena woferedwa, ndipo limam'tapira kena kake kuthumba la zadzidzidzi. Lamulo limenelo m'kope mulibe, chifukwa palibe anaganizapo kuti lingafune kulembedwa.

Msungichuma, mayi wamkulu wosathamanga polankhula, anatsokomola.

“Mwana wanga, zimenezi unafunsa ndani?”

“Ndinafunsa AI, amayi.”

“Ameneyo ndi wa gulu liti?”

Amayi anaseka, gogo uja anasekanso, ndipo kusekako ndi kumene kunapulumutsa tsikulo. Ine sindinaseke msanga. Ndinali ndikuwerenga m'mutu: masabata atatu, mafunso osawerengeka, koma ngakhale limodzi lopita kwa amayi ake, amene amagona naye nyumba imodzi ndipo akhala m'gululi zaka 6. Makinawo nawo sanafunse kuti anthuwa amatani pakagwa zovuta. Safunsa awiri anakumana palaputopu, aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye akudziwa njira.

Ndikuona ngati makolo ponena za kufunsa ankanena za chinthu chowawa. Unkayenera kuyenda, kugwada, kuulula umbuli wako pamaso pa munthu amene angakuseke n'kukafotokozera anzake kuchitsime. Kufunsa makina sikuchititsa manyazi, n'chifukwa chake kumakoma, ndipo munthu amatha kufunsa usiku wonse n'kumadziona ngati wodzichepetsa.

Pobwerera ndinam'tonthoza kuti phula limeneli amadya ndi akuluakulu omwe. Mu July 2025, Jason Lemkin, mkulu wa bizinesi wa ku America amene anayambitsa SaaStr, anauza AI ya Replit kuti isasinthe kanthu, iyo n'kufufuta nkhokwe yonse ya zimene anasungamo. Mkulu wa Replit, Amjad Masad, anachita kupepesa poyera. Mphwanga anangoti, “Koma iwowo analibe gogo.”

App sanaitaye, ndipo ine ndi amene ndinam'letsa kuitaya. Masamu imachita bwino kuposa mlembi, amene amawerengera pachikhatho ndi bolopeni. Lachisanu lotsatira anapitanso kumango kuja wopanda laputopu, atatenga kope ndi cholembera, n'kukhala kumapeto kwa mkeka. Anabwerako ndi masamba 7 a malamulo amene sanalembedwepo chiyambire, komanso dzina latsopano. Amayi aja akumutchula kuti Chindapusa.

Tsopano akufuna kuika app yake pa Google Play. Kulembetsa ndi madola 25 kamodzi kokha, zomwe n'zopepukirako poyerekeza ndi madola 99 pachaka a Apple, ngakhale onse akudziwa thumba limene madolawo achokere. Koma pali lamulo lina kwa olembetsa atsopano ngati iyeyu: app iyambe yayesedwa ndi anthu 12 kwa masiku 14 otsatizana isanaperekedwe kwa aliyense. Anthu enieni, a zala ndi maso. Pagulu lija ambiri ali ndi mafoni amabatani, choncho mnyamata akuyenda khomo ndi khomo mu Area 25, kuodira ndi kupempha. Pofika dzulo anali atapeza 8. Ngati muli ndi foni ya Android ndi masabata awiri oleza mtima, mundiuze tikakumana, koma ndalama zanu musaikemo kaye.