Kuthamanga Sikufika, Ngakhale Ukwere Ndege

Makolo amene anapeka mwambi woti kuthamanga sikufika ankayenda wapansi, mtolo uli pamutu, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Ndege sanaionepo. Koma chiyendereni ulendo wochokera ku Johannesburg kupita kwathu ku Chembe, ndimakhulupirira kuti mwambiwu anapekera ine, anangousunga podikira kuti ndibadwe.

Ndege inameza makilomita pafupifupi 1,500 m'maola osakwana atatu. Tiyi amene anatipatsa m'mwamba anali asanazizire m'mimba pamene tinkatera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Ndinayatsa foni mwamatama.

"Amayi, ndafika!"

"Wafika kuti? Pakhonde pano ndili ndekha ndi nkhuku."

"Ku Lilongwe, Amayi. Terekani madzi a nsima."

"Mwanawe, nkhuni zikudula. Ukaona nyanja undiimbirenso."

Ndinaseka. Kunangotsala makilomita mazana awiri ndi kanthu, mtunda umene ndege ija ikanaudumpha munthu asanamange n'komwe lamba.

Wa takisi atanditchulira mtengo, thumba linandilangiza kuti ndikwere zimene anthu amakwera. Ndinatulukira pamsewu wa M1 ndikukoka sutikesi ya timateyala topangidwira pansi posalala, tikulira ngati tianapiye. Minibasi inanditola. Pa Kanengo, pamene msewu wa ku Salima umapatukira, bambo wina anandiuza kuti nditsike ndidikire pomwepo. Ndinakana. Munthu wochokera ku Joni sadikira pamphambano, amapita kudepoti kumene galimoto zili mbwee.

Kudepoti anyamata oitanira anandilandira ngati mkwati. Mmodzi anagwira sutikesi, wina mkono, wachitatu malaya, aliyense kulozera galimoto yakeyake. "Salima, Salima! Wotsala mmodzi, bwana, tikunyamuka!" Ndinalowa msangamsanga poopa kusiyidwa.

Wotsala mmodziyu ndiye munthu wodikiridwa kwambiri m'Malawi muno, ndipo palibe anamuonapo nkhope. Ukalowa iwe, amatsalabe. Wina akakwera, mnyamata amene anakhala pawindo amatsika mwakachetechete, ndipo m'pamene umazindikira kuti anali nyambo, ngati nyongolotsi pambedza. Dalaivala amaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso m'mbuyo, kuti mitima yathu isafe. Tinagula chipisi, mazira owiritsa, ngakhale mankhwala a mano amene amachizanso msana. Patatha maola awiri tinanyamuka, anayianayi pampando wa anthu atatu, n'kukadutsanso pa Kanengo pomwe paja. Ndinayang'ana kumbali.

Tsono dalaivala amene wakhala maola awiri osasuntha amafuna kubweza ngongole yonse nthawi imodzi. Tinatsetsereka mapiri a ku Salima mitengo ikungoti zii. Tinapitirira bambo wina wa njinga yakapalasa, atasanjikiza matumba a makala kuposa msinkhu wake. Posakhalitsa teyala linati phuu! Tili chiimire padzuwa, wa makala uja anatidutsa, akuliza belu.

"Pepanitu mabwana!"

Titakonza tinamupitiriranso. Tinaima kukweza mbuzi ziwiri ndi matumba a chimanga, iye n'kutidutsanso, ulendo uno osaliza belu, kungogwedeza mutu. Agogo amene ndinapanikizana nawo anati, "Kuthamanga sikufika, mdzukulu wanga."

"Koma Agogo, kuimanso sikufika."

"Ndiye tsika uziyenda."

Pa Salima kondakitala anatigulitsa kwa mnzake wa msewu wa M5, monga amachitira akaona kuti anthu achepa. Chenji changa anachiphatikiza ndi cha mayi wina pa ndalama imodzi yapepala, n'kutiuza kuti tikagawane tokha, ngati banja. Pa Chipoka madzi ananyezimira kumanzere. Ndinaimba foni.

"Amayi, nyanja ija ndaiona!"

"Uli pati?"

"Pa Chipoka."

"Imeneyo ndi ya eni ake. Ine ndikunena yathu."

Tinadutsa Mua, n'kutsika pa Golomoti dzuwa litapendeka. Apa ndege inali itaiwalika, takisi itaiwalika, ngakhale minibasi inasanduka chinthu chapamwamba. Chinalipo ndi matola: kalole kodzaza mitanga ya usipa yopanda kanthu yobwerera kunyanja, ife pamwamba pake. Munthu amene m'mawa ankauzidwa mwaulemu kuti amange lamba, madzulo anali atagwira mwendo wa munthu wosamudziwa kuti asagwe. Milambe ya m'mbali mwa msewu inkatiyang'ana mosadabwa. Yaona ofulumira ambiri.

Kalole kaja kanatitula ku Monkey Bay, kwawo kwa Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Siinathamangepo chibadwire, koma ku Nkhata Bay ndi ku Likoma imafika. Ndikanaivulira chipewa, koma kunali kutada, ndipo kunatsala makilomita 18 okwera ndi kutsika mapiri. Wa kabaza anaika sutikesi pathanki ya njinga yamoto, n'kumaona msewu posuzumira pambali pake.

"Achimwene, gwiritsani. Anyani agona, sativuta."

Msewuwo umadutsa m'nkhalango ya Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha tinsomba ta mbuna. Alendo amaoloka nyanja zamchere kudzationa. Ine ndinangoona msana wa wa kabaza. Ndinadzitonthoza pokumbukira amishoni a Livingstonia amene anakocheza ku Chembe mu 1875 akuti afika. Malungo anawasamutsa, ndipo pofika 1881 anali akumanga kwina ku Bandawe. Nawonso anafulumira kulengeza.

Titatsika phiri lomaliza, nyali za asodzi a usipa zinali ngwee pamadzi, ngati tauni yoyandama. Ndege ija inali itabwerera kalekale kwawo, mwinanso itagona.

Amayi ndinawapeza pakhonde, moto asanakoleze. Anandiunika ndi tochi ya foni kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundidina patsaya ngati akuyesa papaya pamsika.

"Eya, tsopano wafika. Katenge nkhuni kuseriko."