Nkhalamba yanga yosadziwa kuima

Malume atamwalira, abale anga adagawana ng'ombe ndi munda wa fodya. Ine adandipatsa Peugeot 404, pikapu yomwe imandiposa zaka. Mtundu umenewu udayamba ku France mu 1960, ndipo ku Kenya adaupangabe mpaka 1991. Yangayi ikaona mtsetse wa ku Mvera imathamanga ngati yaba nkhuku. Vuto lake ndi kuima. Ukangochotsa phazi pamoto, imatsokomola kawiri, kunjenjemera ngati ya malungo, basi zii!

Anthu a ku Dowa boma amandidziwa. Ndimaimika galimoto pokwera pokhapokha, mphuno italoza kumunsi, mwala uli kutayala. Kumaliro ndimasankha malo ndisanapepese anamfedwa.

Tsiku lina mayi a kunyumba adati, "Bambo, ana atopa ndi kukankha. Pitani nayo kwa amakaniko." Ndidayankha kuti mwamuna weniweni salipira ndalama pa tizomangira tiwiri. Pa kabureta ya Solex pali tiwiri basi: kena kamakweza kapena kutsitsa kulira kwa injini, kena kamayeza petulo wosakanikirana ndi mpweya galimoto ikaima. Ndidatenga mpeni wa kukhitchini, poti sikuludiraiva adabwereka aneba chaka chatha.

Ndidapotokola kumanja, injini idafa. Ndidapotokola kumanzere, idabangula mpaka mbuzi kudula zingwe, utsi wakuda tolotolo, zovala za pachingwe zonse mwaye. Pofika madzulo ndinali nditaiwala pomwe ndidayambira. Paja adati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

M'mawa mwake tidaikankhira kumtsetse, ulendo wa kwa amakaniko ku Mponela. Pansi pa mtengo wa mango ndidapeza kamnyamata koti ndingakabereke. Kadandiyang'ana, kenaka kadayang'ana mpeni uja.

"Madala, mumatchuna injini ili yozizira?"

"Eya."

"Ndiye mumatchuna mphepo."

Kadaisiya injini itenthe kaye. Kadapukuta mapulagi omwe anali bii ngati kunsi kwa mphika, kadakonza mpata wa mapointi, kenaka kadamasula kajeti kakang'ono n'kukapemerera ndi pakamwa. Mudatuluka kachitsotso kochepa kuposa njere ya mawere. Mdani wanga wa zaka zitatu anali ameneyo.

"Kuno n'kumtunda, madala. Mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi ku Salima, ndiye petulo safunika wambiri. Mukakwera ku Ntchisi, cha kunkhalango kuja, ndiye kaya."

Kadayamba kupotokola pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi, n'kuima, khutu lili pa injini ngati sing'anga. Kadati injini yotere ikaima izizungulira ka 700 kapena 800 pa mphindi. Mwadzidzidzi nkhalamba ija idayamba kung'ung'udza mofatsa, ndu ndu ndu, ngati mphaka wakhuta. Kamnyamata kadaika kapu ya madzi pa boneti, osatayika ngakhale dontho.

Misozi idalengeza. Ndidalipira osanenerera. Ndidaimika galimoto pamsika, pamalo osalala ngati bwalo la mpira, koyamba m'moyo wanga. Sindidaizimitse. Ndimafuna Mponela yense amve. Ndidagula chipisi, ndidacheza ndi ogulitsa tomato, ndidaitana ngakhale anthu osawadziwa kuti adzaone kapu ya madzi.

Patatha maola awiri, injini idatsokomola kamodzi, mwaulemu, n'kukhala chete. Petulo adatha.

Ndidayang'ana kumanzere, kumanja. Mtsetse panalibe. Ogulitsa tomato aja adati kukankha ndi K500 munthu mmodzi.