Khoti la a Telala ndi osewera a pa kaunjika

Chisanu chikafika ku Makause, ligi imakhala patchuthi, ndiye ife timasewera mpira wa pakamwa. Bwalo lake ndi mkhukhu wa a Telala, kanyumba ka malata komwe masana amasokeramo zovala, madzulo n'kusanduka khoti. Pakati pamakhala mbaula ya chidebe cha penti chobowolabowola. TV imakhala pamwamba pa mashini osokera, ndipo waya wake wa magetsi amadumpha madenga angapo asanafike pamenepo. Komwe amayambira, munthu wamakhalidwe safunsa.

Kwa inu amene simunafikeko, Makause ili ku Primrose, m'dera la Germiston, pa malo omwe kale ankakumbapo golide. Golideyo anapita ndi eni ake, kunatsala milu ya mchenga wachikasu ndi ife: Amalawi, anzathu a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, a ku Lesotho, ndi eni dziko omwe nawonso moyo unawaponya kuno. Ine ndinalowa m'khotimo madzulo ena m'chisanu cha 2024 nditanyamula thalauza loti andifupikitsire miyendo. Analikoleka pa msomali n'kundiuza kuti ndikhale kaye pansi, pali mlandu waukulu.

Mlanduwo unali wa Gaston Sirino, mnyamata wa ku Uruguay wosewera chakutsogolo, wokonda kulowa podzera m'mbali. Anali atakhala ku Mamelodi Sundowns kuyambira Januwale 2018, ndipo Sundowns itamumasula, Kaizer Chiefs inamutola ngati wosewera wopanda timu.

"Waulere?" anafunsa a Telala, magalasi atatsikira kumapeto kwa mphuno. "Sundowns yangomusiya, osalandirapo ngakhale ya sopo?"

Musaganize kuti a Telala amadana ndi Chiefs. Ndi sapota wofera. Anayamba nthawi yomwe Patrick Mabedi anali kaputeni, timu ikutenga ligi kawiri motsatizana mu 2004 ndi 2005, ndipo akamakamba za Mabedi mungayese ankadyera mbale imodzi, pomwe anangomuonera pa TV ngati tonsefe. Koma sapota wa Chiefs wa 2024 anali munthu wa zipsera. Chikho chomaliza chinali cha 2015, ndipo m'ligi yomwe inali itangotha timuyo inathera pa nambala 10. Munthu wotero ukamupatsa mphatso, amayamba waigwedeza kaye pafupi ndi khutu.

Komanso a Telala asanabwere ku Joni anagulitsapo kaunjika ku Limbe, ndipo nzeru zawo zonse za mpira zinachokera pa mulu umenewo.

"Achimwene, jekete labwino mwini wake sataya," anatero. "Ukalipeza pa mulu likuwala, usathamangire kulipira. Litembenuze. Yang'ana m'khwapa, yang'ana kolala, pisa m'matumba, linunkhize. Chilipo chimene mwini wake anaona chimene iwe sunachione. Tsono winga, m'khwapa mwake ndi m'mawondo."

Mnyamata wina wotsuka magalimoto, yemwe m'khotimo udindo wake ndi kubwera ndi umboni chifukwa ndiye amakhala ndi data, anatulutsa foni. "Madala, taonani kaye musanaweruze." Mitu isanu ndi iwiri inaunjikana pa kagalasi kosweka pakona. Inali vidiyo ya pa YouTube ya mphindi zinayi, nyimbo ikugunda, Sirino akudyetsa anthu njomba, akupereka mipira yosongoka, akugoletsa. Ndinaona kalekale kuti m'mavidiyo amenewa mulibe wosewera amene amalandidwa mpira, kutopa, kapena kukhala pa benchi. Ngakhale ine, atandijambula zaka zisanu ndi chimodzi n'kusankhamo mphindi zinayi, mungandipatse jezi ya Flames.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero a Telala, osamaliza n'komwe mwambiwo.

Apa ndi pomwe a Gadeni anatsokomola. Iwowa amasamalira maluwa m'mabwalo a anthu olemera ku Bedfordview, ndipo ndi a Orlando Pirates kuyambira tsiku lomwe Gabadinho Mhango anavala jezi yakuda mu 2019. Chiefs ikamavutika, iwo amanenepa.

"Mlamu, ine ndikudabwa kuti mukudabwa," anayamba motero, akuwotha manja. "Inu mumagula kuti zovala ngati si pa mulu wa Sundowns? Tiwerenge. Anyamata atatu aja ankawatcha CBD, Castro, Billiat ndi Dolly, anathandiza Sundowns kutenga chikho cha makalabu a mu Africa mu 2016. Inu munayamba kuwatola mmodzimmodzi. Castro mu Januwale 2018. Billiat chaka chomwecho, kontirakiti yake itatha, waulere. Dolly mu 2021, atachoka ku Montpellier ku France, waulerenso. Munasonkhanitsa CBD yonse, koma munafika masitolo atatseka."

Khoti linaseka mpaka mbaula inatsala pang'ono kugwa.

"Billiat musamunamizire," anayankha a Telala mawu atakwera. "Tsiku lija la Baroka anagoletsa ndani?"

Kunena zoona, pamenepa anadzibaya okha. Tsiku limenelo, lomaliza la ligi mu Seputembala 2020, Chiefs inkangofunika kupambana kuti itenge chikho. Billiat anagoletsadi, koma Manuel Kambala wa ku Mozambique anabweza chigolicho, masewero n'kuthera 1-1, ligi n'kupita ku Sundowns. Mpaka lero m'bale wathu wa ku Tete yemwe amagulitsa makala kuseri kwa mkhukhuwo sasokeredwa pa ngongole, ngakhale Kambala sakumudziwa ndipo mpira sautsatira.

Atapanikizika, a Telala anathawira kwa Gaba, Gabadinho Mhango uja. Anati a Gadeni asamalankhule kwambiri za anthu osamukasamuka, popeza mnyamata wawoyo anadutsa ku Bloemfontein Celtic, Golden Arrows, Bidvest Wits, Pirates, AmaZulu ndi Moroka Swallows, ndipo mwa matimu amenewa, Wits inagulitsidwa mu 2020, Celtic mu 2021, Swallows mu 2024. Anafuna kupitiriza, koma khoti lonse, a Chiefs ndi a Pirates omwe, linawaletsa. Pali lamulo losalembedwa m'nyumba imeneyi lakuti Gaba sazengedwa mlandu. Munthu amene anagoletsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20, kulingana ndi Peter Shalulile pamwamba pa onse, n'kudzaponyanso chimpira chija cha kutali chomwe chinadutsa pamutu pa goloboyi wa Morocco ku Yaoundé mu Januwale 2022, ameneyo ndi wa tonse. Usiku umenewo malata a ku Makause analira ngati kukugwa matalala. Zoti Flames yathu inagonja 2-1 timazikumbukira pang'ono chabe.

A Aphunzitsi, omwe kumudzi ankaphunzitsa Sitandade 7 koma kuno amalondera nyumba yosungiramo katundu usiku, anapempha mpata. Iwowa amalankhula ngati pali bolodi kumbuyo kwawo.

"Abale, mawu akuti waulere akutisocheretsa. Kale wosewera ngakhale kontirakiti yake ithe, timu inkamugwirabe mwendo mpaka wina alipire. Ku Ulaya zinasintha chifukwa cha Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, yemwe timu yake ya Liège inamutsekera njira yopita ku Dunkerque. Anapita kukhoti, ndipo mu Disembala 1995 anapambana. Lero kontirakiti ikatha, munthu ndi mfulu. Koma ufuluwo si wa timu yomutenga. Ndalama yomwe ikanapita ku timu yakale, gawo lina limapita kwa wosewera ngati yosainira, lina kwa ejenti wake, lina limabisala m'malipiro a pamwezi. Tsono funso loyenera si lakuti wagulidwa zingati. Funso n'lakuti kochi watsopano wa Chiefs, Nabi, akufuna kumuseweretsa pati, ndipo ndani azimuthamangira mpira ukatayika."

Zinali zomveka, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe anazimvera. Khoti linali litasamukira kale ku nkhani ya zaka. Sirino anali ndi zaka 33.

"Nkhalamba!" anakuwa bambo wina amene pokwera kamtunda kochokera ku mpopi amapuma kawiri. Wina anati winga wa zaka 33 ali ngati njinga ya kabaza yomwe yaona misewu yonse ya ku Dedza. Wina anati koma zaka za ku Uruguay ndi zenizeni, si zija za kwathu zomwe wosewera amakhala ndi zaka 21 mwana wake akulemba mayeso a Fomu 4. Wina anadandaula za thupi, akuti ndi kamunthu, difenda wa ku Limpopo akangoyetsemula kagwa. Onsewa anali atakhala pa makireti a mowa, mimba zitatsamira pa mawondo, akugamula za liwiro la munthu amene amathamanga mphindi 90.

Nthawi yonseyi mayi a kunyumba kwa a Telala anali pakhomo akukanda ufa wa magwinya ogulitsa m'mawa. Sanatembenuke n'komwe.

"Bambo a mwana, fakitale ija ya ku Wadeville inakumasulani liti?"

"Nkhani imeneyo ikubwera bwanji pano, mayi?"

"Ndangofunsa. Popeza inunso anakusiyani osalandirapo ngakhale ya sopo. Ndiye ndimati ndidziwe, m'khwapa mwanu anapezamo chiyani?"

Kunangomveka kuthetheka kwa makala. A Gadeni anafuna kuseka, koma anakumbukira kuti bwana wawo wa Lachiwiri ndi Lachinayi anali atasamukira ku Cape Town mwezi womwewo osawatsanzika bwinobwino. A Aphunzitsi anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi ya ntchito yakwana.

Amene akufuna kuona msika weniweni wa osewera opanda timu adzuke m'mamawa, apite pa mphambano pafupi ndi sitolo ya zipangizo zomangira. Oweruza a dzulo aja muwapeza ataima pamzere, manja m'matumba, aliyense ndi kachikatoni kolembapo luso lake: wopenta, womanga, woika matailosi, wokonza mapaipi. Pali mmodzi amene katoni yake ili ndi ntchito zisanu, wosewera malo aliwonse kupatula pagolo. Kenako imatulukira bakkie, kagalimoto konyamula katundu, n'kuchepetsa liwiro, galasi n'kutsika pang'ono. Ameneyo ndiye sikauti. Salankhula zambiri. Amayang'ana mikono, amayang'ana nsapato, amayang'ana imvi. Bambo uja amati Sirino ndi nkhalamba amavala chipewa mpaka m'makutu, chifuwa n'kuchitulutsa, ndipo akafunsidwa zaka amachotsapo khumi osaphethira.

Mavidiyo a mphindi zinayi nawonso alipo. Aliyense ali ndi zithunzi m'foni: bafa lowala la ku Edenvale, mpanda wowongoka wa ku Boksburg. Chithunzi cha khoma lija linapendekeka mvula yoyamba itagwa simudzachipeza. Ena zithunzizo ndi za ntchito ya msuweni wawo, koma magazi ndi amodzi.

Kusiyana kwake n'kochepa koma n'kowawa. Matimu a PSL, ligi yaikulu ya kuno, amaloledwa kulembetsa alendo asanu okha, pomwe mwini bakkie alibe malire, ndipo mlendo ndi amene amamukonda chifukwa sachuluka mafunso. Yosainira kulibe. Ejenti ndi mnzako amene anakuuza za ntchitoyo, ndipo gawo lake ndi botolo limodzi Loweruka. Kontirakiti imayamba 7 koloko m'mawa n'kutha dzuwa likapendeka, ndipo ukapweteka bondo pa makwerero palibe dokotala wa timu, pali mankhwala opaka a pa spaza ndi pemphero. Ine ndimaona ngati nkhanza zomwe timachitira osewera madzulo n'zomwe tatolera pa mphambano m'mawa. Munthu amene wayang'anidwa ngati mbuzi ya pa msika tsiku lonse amafuna nayenso apeze woti amuyang'ane mano.

Chigamulo cha usiku uja chinali chakuti Sirino apatsidwe masewero atatu. Akalephera, kaunjika. Akachita bwino, tionabe.

Pa 10 Meyi 2025 Chiefs inakumana ndi Pirates mu fainolo ya Nedbank Cup pa bwalo la Moses Mabhida ku Durban. Mkhukhu unadzaza mpaka ena ankaonera pa mabowo a misomali. Masewero atangoyamba Chiefs inapeza penate, ndipo amene anaika mpira pa kadontho n'kugoletsa anali jekete lomwe lija la pa mulu. Evidence Makgopa anabweza, koma chakumapeto Yusuf Maart anagoletsa chachiwiri, zaka khumi za njala n'kuthera pomwepo. A Telala anavina atanyamula sizasi m'manja, anthu akuthawira m'makona.

"Ndinanena ine!" ankakuwa. "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa! Ndinangomuona kayendedwe, ndinadziwa kuti uyu ndi katundu wa m'sitolo!"

Tonse tinalipo tsiku lomwe ankafufuza m'khwapa, koma palibe anawakumbutsa, chifukwa anali atalonjeza kugula nyama. A Gadeni okha ndi amene anang'ung'udza kuti penate ngakhale agogo awo akhoza kugoletsa, n'kuwonjezera kuti ligi ndiyo imaonetsa mwamuna. Pamenepo sanalakwe kwenikweni: ligiyo itatha Chiefs inali pa nambala 9, Pirates yachiwiri, ndipo Sundowns, eni mulu wa kaunjika, anatenga chikho kachisanu ndi chitatu motsatizana.

Mlandu wa Sirino sunatsekedwe mpaka pano, ndipo chisanu chilichonse chimabwera ndi oimbidwa mlandu atsopano. Thalauza langa likadali pa msomali paja, miyendo yake ili yaitali monga ndinalibweretsera.