Dzuwa la ku Dedza ligwira ntchito theka la tsiku

Kodi mwaona kuti madenga a ku Bembeke ndi Linthipe ayamba kuvala tima sola? Kapanelo kamodzi, batire yakale ya galimoto pansi pa tebulo, mababu awiri, basi bambo wasanduka ESCOM wa pamudzi, ndipo kutchaja foni n'kolipira.

Vuto ndi dzuwalo. Dedza ndi tauni yokwera kuposa onse m'Malawi, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu ikatsika m'phiri, dzuwa limafika pantchito ngati kalaliki wa boma Lolemba: mochedwa, losasangalala, n'kuweruka msanga. Kuzizirako si mlandu, paneloyo imakukonda ndithu. Chimene imadana nacho ndi mthunzi. Nanga mukuganiza kuti a JCM Power ankasewera pokamanga siteshoni yawo ya sola ya mamegawati 20 kumunsi ku Golomoti, kotentha, ndi mabatire ake akuluakulu? Anatsegula mu 2022. Ife akumtunda tinatsala ndi mbatata ya kachewere.

Koma mphepo tili nayo, yaulere, ya mwera, yolowa mpaka m'mafupa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anayatsa mababu ndi makina oyendera mphepo opangidwa ndi mitengo ya bulugama, mapaipi ndi dayinamo ya njinga ali mnyamata wa zaka 14. Bukhu linalembedwa, filimu inatuluka pa Netflix mu 2019. Kuno mphepo yomweyo timangoitukwana ikagwetsa zovala pachingwe.

Mnansi wanga wati ayesa chaka chino. Njinga imene akufuna kuiphwasula ndi ya mayi a kunyumba, ndipo eni ake sanauzidwe.